Waya wa M'makoma

Ndikuphereni ndagi: njoka yanga anaidula mutu panja, koma m'nyumba ikuyankhulabe. N'chiyani?

Mtsikana wina analipeza yankho asakulifuna.

Masana a tsikulo kwawo kunabwera mmisiri wa mafoni. Anaika kabokosi ka intaneti pashelefu n'kulumikizako waya wakale woyenda m'makoma, kuti mafoni onse a m'nyumbamo azilirabe. Kenako anakwera makwerero panja, nadula waya wochokera kumsewu.

"Nambala ndi yomwe ija?" amayi anafunsa kachitatu.

"Yomwe ija, mayi. Mukafunsanso ndiilemba pamphumi panga. Koma magetsi akazima, foni yagona. Ngakhale muikalipire, siilira."

Amayi sanaseke. Nambalayo ndi yokhayo imene mwana wawo woyamba ankaidziwa pamtima, uja anachoka zaka zinayi zapitazo osatsanzika, osamvekanso. Chipinda chake amayi anachikhoma, kiyi n'kumayenda naye m'khosi. Mmisiri atapempha kuona foni ya m'menemo, amayi anangoti, "Imeneyo isiyeni."

Dzuwa litangolowa, magetsi anazima. Amayi anatuluka kukapempha kandulo kwa aneba. Mtsikanayo anatsala pabalaza ndi kamng'ono kake, kabokosi kali zii, timagetsi take titafa.

Foni inalira.

Kamodzi. Kawiri. Mtsikanayo ananyamula.

Munthu akupuma. Kenako chikhadabo kugogoda pafoni: go, go, go. Achimwene ake osowa aja ankatero akamaganiza.

"Kamaso," mawuwo anatero. Panalibenso wina womuitana choncho. "Uwauze amayi andibweretsere kiyi. Abwere okha."

Mtsikanayo anakanikiza foni pakhutu. Kamng'ono kake, kali chomukakamira pasiketi, kanatsokomola. Chifuwa chomwecho anachimvanso m'foni, chapansipansi, ngati chikudutsa khoma.

Apo anakumbukira makwerero aja. Waya wa panja anadulidwa. Njoka ija inalibe kwina kolowera, imangozungulira m'makoma: pabalaza, kuchipinda kwa amayi, ndi kuchipinda chokhoma chija.

Anabweza foni mwakachetechete. Zaka zinayi amayi akudikira kulira kumeneku. Atangomva, sakanafunsa kawiri. Akanavula kiyi m'khosi n'kupita okha, monga anauzidwira.

Chitseko chinatseguka, kandulo patsogolo.

"Ndili panja ndamva ngati foni."

"Ayi, amayi. Si magetsi kulibe?"

Aka kanali koyamba kuwanamiza, ndipo bodzalo linatuluka likutsimphina. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, dzanja likupapasa kachingwe ka m'khosi. Phula linadontha pachala chawo, iwo osamva.

Kumapeto kwa nyumba, kuseri kwa chitseko chokhoma, foni ina inabwezedwa pamalo pake. Kwa!

Lawi la kandulo linapendekera komweko.

Kamwana kaja kanasiya siketi, n'kukoka amayi chala.

"Amayi, achimwene akuti muwapatse kiyi. Nanga m'chipindamo alowera pati?"