Kansalu Kofufutira Bolodi

Madzulo ena mayi wina, telala, akusita yunifolomu ya mwana wake, anamva choko chikulira kuseri kwa chipupa: kwee, kwee, ngati wina akulemba pabolodi. Anatuluka simbi ili m'manja. Panalibe munthu, koma fungo la fumbi la choko linachita kumutsamwitsa.

Mwana wakeyo, mtsikana wochepa thupi amene anzake ankamutcha Kanyerere, anali atasankhidwa kukapikisana masamu ndi ana a mayiko ena. Anasankhidwa limodzi ndi mwana wa kalipentala. Woti adzalowe m'malo, wina akadwala, anali mwana wa mphunzitsi wawo, mnyamata wa mutu wouma amene ankawerengerabe zala.

Mphunzitsiyo anali ndi kakhalidwe kake. Ana akalemba pabolodi ankafufuta yekha, kansaluko n'kupita nako kwawo. Tsiku lina anauza makolo kuti nsalu ya yunifolomu yakale ndi imene imafufuta bwino. Telala, ndi mtima wake wothokoza, anadula diresi lakale la Kanyerere ndi malaya a mwana wa kalipentala, n'kusoka kansalu kokongola kwaulere. Kukoma mtima kwina n'kudzikumbira dzenje.

Choko chija chinali chitayamba kulira kwa kalipentala. Mwana wake anadzuka m'mawa wina osadziwa kuti zala zake n'zingati, ndipo sabata isanathe anamuika m'manda. Pamaliro anthu ankangonong'ona kuti nzeru zikachuluka zimaitana afiti, koma wotchula dzina panalibe.

Kenako chinafika kwa telala. Usiku womwewo Kanyerere anafunsa:

"Amayi, pambuyo pa sikisi pamabwera chiyani?"

"Usandiopseze iwe!"

"Zikuchoka, amayi. Wina akufufuta."

Kutacha telala anathamangira kwa mphunzitsi kukapempha thandizo. Atafika anasuzumira pazenera. Bamboyo ankakung'unthira kansalu kaja m'kapu ya tiyi, mwana wake akumwa uku akutchula masamu mothamanga ngati makina osokera.

"Aphunzitsi, mukumumwetsa chiyani?"

"Kansaluka munasoka nokha, mayi. Mukauza ndani?"

Anauza mudzi wonse. Koma m'mawa mwake galimoto ya mpikisano inabwera, ndipo anthu omwe aja anaimirira m'mbali mwa msewu kutsazika mphunzitsi ndi mwana wake. Ena anati telala ndi wansanje. Anthu amakonda wopambana, za kumene kupambanako kwachokera safunsa.

Kanyerere sanafe, ndipo mwina apo ndiye panali nkhanza. Ankangokhala pafupi ndi makina a mayi ake, maso ali gwa, pakamwa pali tseke.

Tsiku la zotsatira, wailesi inalengeza kuti mwana wa mphunzitsi wapata mendulo yagolide. Kunja nthungululu zinaphulika. Mtolankhani atamupempha mnyamatayo kuti alankhule, telala anamva mawu aang'ono amene anawadziwa chibadwire chake, mawu a mwana wake weniweni:

"Amayi, kuno n'kutali. Dzanditengeni."