Ambulera Yothyoka Pakona ya Chithunzi

Tsiku limene Inki anakumana ndi Pensulo, makina a fotokope anali atatafuna mapepala katatu konse, ndipo miyendo yake inali itayamba kale kudandaula.

Dzina loti Inki anamupatsa ndi azakhali ake, eni shopuyo, chifukwa zala zake zinkakhala zakuda ngakhale asambe ndi sopo wanji. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo mtsikana uja anali chiimire pakauntala: uyu akufuna fotokope ya chiphaso, uyu kalata yofunsira ntchito, uyu amulaminetere satifiketi. Onsewo maso papepala. Akanati amete mpala tsiku lina, mukuganiza kuti alipo akanazindikira?

Ndiye kunalowa mnyamata wamtali, pensulo ili kukhutu, fulashi ili m'manja.

"Asisi, mundisindikizire izi zamitundu. Koma chonde, mitamboyo isatuluke ngati matope."

Inki anatsegula pakompyuta n'kuona zithunzi za anthu a maso akuluakulu. "Makatuni? Ndi a mwana wanu?"

"Mwandilasa pamtima," anatero mnyamatayo atagwira pachifuwa. "Imeneyi ndi anime, ya ku Japan. Munthu anakhala pansi masiku kujambula mtambo umodzi wokhawu, inu mukuuyang'ana ngati lisiti."

"Ine chilichonse ndimachiyang'ana ngati lisiti, achimwene. Ndatopa."

"Ndaona kale. Mwaimira mwendo umodzi ngati kakowa, nsapato inayo mwaivula."

Inki anayang'ana pansi. Zinali zoona! Nsapato ya kumanzere inali payokha pafupi ndi katoni ya mapepala. Zaka ziwiri ali pakauntala paja, palibe anali ataonapo zimenezo, ngakhale azakhali. Anasokonezeka mpaka anasindikiza mtambo umodzi kawiri.

Mawa lake mnyamata uja anabweranso. Mkuja, yemweyo. Azakhali ndi amene anamutcha Pensulo.

"Pensulo wako uja wafika," ankatero osadzutsa mutu. "Tsamba limodzi lokha, koma kucheza kwa buku lathunthu."

Nthawi ya nkhomaliro awiriwo ankakhala kuseri kwa makatoni kuonera mafilimu a anime, foni imodzi, wina chomvera cha khutu ili, wina cha khutu linalo. Mayina a akuluakulu opanga mafilimuwo ankamupinda lilime Inki, choncho Pensulo anawapatsa mayina ena. Panali Wansapato, amene filimu yake iliyonse inkayamba ndi nsapato zosiyidwa pakhomo. Panali Mayi Mawindo, amene anthu ake ankakondana kudzera pagalasi koma osakhudzana. Panalinso Gogo Masitepe, amene anthu ake ankangokhalira kukwera masitepe osafika.

"Ameneyu ndiye akundidziwa," anatero Inki. "Kukwera osafika."

Nthawi zambiri ankagona filimu ili pakati, mutu uli paphewa la Pensulo. Koma ikamatha, Pensulo ankamugwedeza.

"Dzuka, dontho langa la inki. Lamulo ndi limodzi: filimu siitha anthu akakumbatirana, imatha dzina lomaliza likadutsa. Mayina amenewa ndi a anthu amene anatopa kuti iwe usangalale. Uziwawerenga, uziwafufuza, uziwatsatira."

Anamulembera mndandanda papepala lowonongeka la mushopu momwemo: ojambula asanu ndi awiri oyenera kuwatsatira pa intaneti. Koma dzina lachinayi analifuta ndi pensulo mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Nanga uyu walakwanji?"

"Ameneyo ndi wamba. Angokuthera nthawi."

Mameseji ndiye musanene. Azakhali ankachita kulanda foni n'kuiika m'dirowa.

"Dontho langa la inki, wagwera pamtima panga ndipo sufufutika."

"Kakowa wanga, upumitseko mwendowo. Ndikanatha, bwenzi ndikuimirira m'malo mwako."

"Tsiku lina ndidzapanga filimu yangayanga. Dzina loyamba kudutsa lidzakhala lako. Ndalonjeza."

Ndi mtsikana uti wotopa amene sangasungunuke ndi mawu otere?

Patatha miyezi iwiri, Pensulo anabwera ndi envelopu yaikulu. M'kati munali chithunzi chojambula ndi pensulo: mtsikana wotembenukira uko, ali pakauntala, waimira mwendo umodzi, nsapato ina ili pambali. Tsitsi lake linali lomangidwa ngati la Inki. Kuwala kwa pawindo kunkamugwera pakhosi, ndipo mapewa ake ankaoneka kuti anyamula tsiku lonse. Pakona, pamsomali, panali ambulera yothyoka nthiti imodzi.

Inki anachiyang'anitsitsa.

"Ndine ameneyu?"

"Ndi ndaninso? Masabata atatu ndakhala ndikukujambula m'mutu. Palibe wina padziko pano amaima chonchi."

"Nanga ambulerayi? Muno mulibe ambulera."

"Ameneyo ndine," anatero Pensulo mosachedwa. "Ndine wothyoka, ndilibe zambiri, koma mvula ikabwera ndidzakufunditsa."

Inki analira, abale. Anachilamineta yekha mosamala ngati satifiketi ya dokotala, n'kukachipachika kuchipinda kwake pamwamba pa bedi. Akaweruka, miyendo itatupa, ankachiyang'ana n'kumadziuza kuti alipo munthu mmodzi amene amamuona.

Kenako Pensulo anayamba kusowa. Lero ali kujambula, mawa foni inathima, mkuja mutu. Mameseji anafupika mpaka anatsala "ndakusowa" basi, wopanda dontho, wopanda kakowa.

"Pensulo ikamalemba kwambiri imafupika," anatero azakhali tsiku lina akuwerenga mapepala. "Ine ndangonena."

"Azakhali, munthu ali ndi ntchito."

"Ehe. Nanga ine ndati alibe?"

Lamlungu lina masana, atachapa n'kuyanika, Inki anagona chagada n'kuika filimu ya Wansapato kuti mwina amve ngati mnzake ali pafupi. Itatha, sanaizimitse. Lamulo ndi lamulo. Mayina anayamba kukwera, ena m'zilembo zomwe sankatha kuwerenga, ena m'zilembo zathu zomwezi. Ankaimitsa, kukopera dzina, n'kulifufuza. Ankafuna kuti Pensulo akabwera amudabwitse, amuuze kuti, "Taona, ndapeza wojambula wanga ndekha."

Dzina lina, la mayi amene anajambula zipinda ndi misewu ya mufilimumo, linamufikitsa patsamba lodzaza ndi zithunzi. Anthu ake onse anali otembenukira uko: wosoka zovala, woyendetsa basi, wotsuka mbale. Ndipo pakona ya chithunzi chilichonse panali ambulera yothyoka nthiti imodzi.

Chala cha Inki chinapitiriza kutsika pafoni. Chinatsika, chinatsika, mpaka chinaima.

Mtsikana pakauntala. Mwendo umodzi. Nsapato pambali. Kuwala pakhosi.

Anadzuka n'kuika foni pambali pa chithunzi cha pakhoma. Chilichonse chinali chimodzimodzi, ngakhale msomali. Tsitsi lokha ndi limene linasinthidwa. Pansi pake panali deti: zaka zitatu zapitazo, Inki asanayambe n'komwe ntchito ya fotokope.

Anatenga kapepala ka mndandanda kaja n'kukayang'anitsa pawindo. Kuseri kwa zofutafuta zija, zilembo zoyamba za dzina lachinayi zinkaonekabe. Anali mayi wa maambulera yemweyo.

Sanalire. Anangokhala pabedi, manja ali pamiyendo, kutopa kwa zaka ziwiri kutamugwera nthawi imodzi.

Lachitatu Pensulo anatulukira nthawi ya nkhomaliro, akumwetulira ngati sanasowepo.

"Dontho langa, wandisowa?"

Inki anaika chithunzi pakauntala, foni pambali pake, n'kumutembenuzira.

"Ndapeza wachinayi uja. Wamba uja."

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Pensulo anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera.

"Tamvera, aliyense amaphunzira pokopera. Ngakhale akuluakulu aja anayamba choncho. Iwenso ntchito yako si kukopera?"

"Ee, ndimakopera tsiku lonse. Koma sindinauzepo munthu kuti satifiketi yakeyo ndalemba ndine."

"Dzanja linali langa. Masiku atatu ndili pawindo kutsatira mizere imeneyi."

"Unati masabata atatu."

"Masiku, masabata, kodi ndi nkhani?"

"Nkhani si imeneyo, Pensulo. Ukanandiuza kuti, 'Taona chithunzi ichi, chandikumbutsa iwe,' ndikanasangalala mpaka lero. Koma unati ndine. Unati palibe wina amaima chonchi."

"Koma umaimadi chonchi."

"Chabwino. Tseka maso." Pensulo anatseka monyinyirika. "Ndimavula nsapato ya mwendo uti?"

Pensulo anakanda mutu, maso ali chitsekere.

"Wa kumanja," anatero.

Inki anayang'ana chithunzi chija. Mtsikana wa mmenemo anavuladi ya kumanja. Iye, Inki, kuyambira kalekale ankavula ya kumanzere, chifukwa chala chaching'ono cha mwendo umenewo chinali ndi chithuza chosapola. Miyezi yonseyi ankachiyang'ana chithunzicho osaona zimenezo. Chikondi chimatseka maso, inu!

"Pita," anatero motsitsa mawu. "Ndilibe mphamvu zokangana. Ndaima kuyambira m'mawa."

"Kakowa wanga..."

"Achimwene," analowererapo azakhali kuchokera kuseri, "ngati mulibe chosindikiza, mwatseka kauntala."

Madzulo ake kunabwera meseji yaitali. "Ndinalakwa, koma mtima wanga sunali wokopera. Ndipatse mwayi, ndikujambula weniweni." Inki anaiwerenga kawiri ali m'basi, n'kuyamba kulemba yankho, n'kufufuta. Mtima wina unkati mwina ndi zoona. Kodi munthu sangabe chithunzi koma chikondi chili chake? Masiku angapo anayenda ndi funso limenelo ngati mwala m'nsapato.

Yankho linadzibweretsa lokha Lolemba lotsatira, litavala yunifolomu yoyera.

Anali mtsikana wogulitsa mankhwala pafamase ya kumapeto kwa msewu, wamanyazimanyazi, atakumbatira envelopu yaikulu pachifuwa.

"Asisi, mundilaminetere ichi. Koma mosamala, chonde. Ndi cha mtengo wapatali."

Inki anachisolola. Kauntala. Mwendo umodzi. Kuwala pakhosi. Ambulera pamsomali. Tsitsi lokha ndi limene linali lalifupi, ngati la mwini envelopuyo.

Azakhali anasuzumira, n'kutsokomola, n'kubwerera kuseri.

"Chokongola," anatero Inki. "Anakujambulani ndani?"

"Chibwenzi changa." Mtsikanayo anaseka atagwira pakamwa. "Mukudziwa, tsiku loyamba anangolowa n'kuona kuti ndavula nsapato imodzi. Palibe anali ataonapo. Akuti palibe wina padziko pano amaima chonchi."

"Nanga ambulerayi akuti chiyani?"

"Akuti ndi iyeyo. Wothyoka, koma mvula ikabwera..."

"Adzakufunditsani."

Mtsikanayo anasiya kuseka. "Mwadziwa bwanji?"

Inki anamuyang'ana bwinobwino. Maso ofiira chifukwa chosagona mokwanira, mapewa ogwa, kuima kopendekera mbali imodzi. Atsikana onse oima tsiku lonse amavula nsapato imodzi, kungoti aliyense amayesa ali yekha. Pensulo anali atazidziwa zimenezo, basi. Ankangoyenda m'makauntala ndi chithunzi chake m'mutu, kufunafuna woti alowemo.

Makina olaminetera anali atatentha. Asanalowetse chithunzicho m'pulasitiki, Inki anachitembenuza, natenga cholembera, n'kulemba kuseri kwake dzina lachinayi lija, chilembo ndi chilembo.

"Mukulembanji pamenepo?"

"Dzina la wojambula woyenera kumutsatira. Mukalifufuze mukakhala pansi, osati muli chiimire. Mukatsike mpaka zaka zitatu zapitazo."

Chithunzi chinatuluka mbali inayo chili chotentha, dzina lija litamatirira m'kati mosafufutika. Mtsikanayo anachilandira ndi manja awiri, akuyang'ana uku chithunzi, uku Inki. Kenako maso ake anatsikira pansi, kuseri kwa kauntala, pamene panali nsapato ya kumanzere ili payokha pafupi ndi katoni. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanunso?" anafunsa monong'ona.

"Nanenso. Mukamaliza kulira mubwere nthawi ya nkhomaliro. Kuseri kuli makatoni okhalapo, ndipo mayi ameneyo ali ndi zithunzi zina zabwino kuposa ichi."

Mtsikanayo atatuluka, foni ya Inki inalira m'dirowa. Sanaitsegule. Anakoka katoni imodzi ya mapepala, n'kukhalapo masanasana makasitomala ena asanabwere, n'kuvula nsapato inayo.

Azakhali anamuona. Kenako anapita okha kukaima pakauntala.