Kapepala ka Adona

Kondakitala anali akukuwabe kuti patsala malo a munthu mmodzi, chonsecho mipando iwiri ya kumbuyo inali pululu. Sellah anadziwa kuti minibasi ya ku City Centre sinyamuka msanga. Anatsika n'kupita pamene bambo wina amayala mabuku akale pachiguduli, pafupi ndi depoti ya m'tauni.

Anatola buku, n'kutsegula tsamba lomaliza, n'kulibwezera. Anatola lina, n'kuchita chimodzimodzi.

"Asisi, mukuba mathero osalipira?"

Anacheuka. Anali mnyamata wamtali, kamera yaing'ono ili m'khosi. Ankamudziwa. Anali Clifton wa m'kalasi mwawo ku koleji, uja amakhala kutsogolo n'kumatsutsana ndi aphunzitsi. Miyezi itatu yonse anali asanapatsanepo ndi moni womwe.

"Sindikuwerenga," Sellah anayankha maso ali pansi. "Ndikungoona ngati tsambalo lilipo."

"Lingapite kuti?"

"Mabuku amene ndinakula nawo anali otayidwa. Ambiri analibe masamba omaliza."

"Ndiye nkhani zinkatha bwanji?"

"Ndinkamaliza ndekha."

Clifton anamuyang'ana mpaka Sellah anamva makutu kutentha. Mwamwayi kondakitala anamenya chitseko cha minibasi. "Asisi a mabuku, tikusiyani!"

Anakhala mpando umodzi. Onse ankapita ku laibulale. Pofika pamlatho anali atasiya kutchulana kuti inu, ndipo potsika Clifton anali ndi nambala yake.

Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira.

"Wafika bwino, Mathero wanga?"

Sellah anawerenga kasanu. Analemba yankho, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza anangotumiza kuti, "Ndafika, Wakamera." Kenako anabisa nkhope m'manja ngati kuti wina akumuona.

Teremu imeneyo aliyense anali ndi mtolo wake. Sellah ankafufuza nkhani zazifupi za m'manyuzipepala akale. Clifton anasankha kusandutsa kabuku kena kukhala filimu ya mphindi khumi. Kabukuko kankanena za mayi wogwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera. Filimu yopambana m'kalasimo inali yoti ikaimire koleji yawo pampikisano, ndipo Clifton ankailota masana.

Mphunzitsi wawo wa zofufuza, Bambo Kachingwe, anali ndi lamulo limene ankalibwereza sabata iliyonse. "Chilichonse chimene watola, nena kumene wachitola. Ukatola kwa munthu wamoyo, yamba wamupempha, asaine fomu, kenako ubise dzina lake."

Ku laibulale awiriwa ankakhala patebulo la pawindo. Polephera kulankhula, ankatumizirana mauthenga ali moyang'anizana.

"Ndawerenga tsamba limodzi katatu. Mlandu ndi wako."

"Yang'ana m'buku, usayang'ane ine."

"Bukuli lilibe maso ngati akowo."

Tsiku lina masana anakhala pansi pa mtengo kunja kwa laibulale, akugawana chimanga chootcha. Clifton anaponya kabuku kaja paudzu.

"Kandikwana. Masamba asanu onse mayiyu akungoganiza, akuti ali ndi manyazi. Buku limalowa m'mutu mwa munthu, koma kamera imathera pakhungu. Manyazi ndiwajambula bwanji?"

Sellah anachotsa njere za chimanga imodziimodzi. Panali nkhani imene anali asanauzepo munthu. Kodi mtima ukakonda, sufuna kudziwika wonse?

"Ndikuuze kanthu, koma kathere pompano."

"Zako ndi zanga zidzathera pakati pathu, Mathero. Ndalonjeza."

Anamuuza. Mayi ake, a Alesi, anachoka kwawo ku Mitundu zaka khumi ndi zisanu zapitazo n'kuyamba ntchito m'nyumba ina ku Area 47. Mpaka lero iye ndi mayi akewo amakhala m'kanyumba ka kuseri. Tsiku lofunsira ntchito adona anawafunsa ngati amadziwa kuwerenga, ndipo iwo, poopa kubwerera kumudzi chimanjamanja, anavomera.

"Adona akawapatsa kapepala ka zogula, amayi amakayang'ana bwinobwino, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti, 'Ndikasinthe kaye nsapato.' Akafika kuseri ndimawawerengera katatu. Iwo amakasandutsa nyimbo, n'kumaimba chamumtima mpaka kumsika. Sanaiwalepo ngakhale anyezi mmodzi."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi. M'nyumbamo amaseka kuti a Alesi sapita kumsika osasintha nsapato. Palibe akudziwa chifukwa chake. Ngakhale Angel."

Angel anali mwana wa adona, ndipo ankaphunzira m'kalasi mwawo momwemo.

Clifton anamugwira dzanja. Maso ake anali akuwala, ndipo Sellah anayesa kuti ndi chikondi chokha.

Panapita masabata atatu. Lachitatu lina, kutatsala masiku awiri kuti mafilimu aonetsedwe kwa kalasi yonse, uthenga unabwera.

"Bwera kuchipinda cha makompyuta, wokondedwa. Ndikufuna ukhale woyamba kuona."

Atafika, Clifton anamuveka zomvera m'makutu, iye n'kuima kumbuyo kwake akumwetulira. Filimu inayamba bwino. Pamphindi yachisanu, mtsikana wosewera ngati wantchito analandira kapepala kwa adona. Anakayang'ana. Anagwedeza mutu.

"Ndikasinthe kaye nsapato."

Sellah anaona kamwana kakuwerenga kuseri kwa nyumba. Anamva nyimbo ya anyezi ndi sopo. Kumapeto, pamndandanda wa magwero, panalembedwa kuti: mayi wina wogwira ntchito m'nyumba ku Area 47.

Anavula zomvera zija pang'onopang'ono.

"Waona?" anatero Clifton. "Manyazi aja ndawajambula. Ndipo dzina ndabisa, monga amanenera a Kachingwe."

"Wabisa dzina."

"Eya. Palibe pamene ndalemba kuti Alesi."

"Lachisanu Angel adzakhala m'holo muja, Clifton. Mawu a nsapatowo wakula akuwamva. Ukuganiza kuti adzafuna dzina?"

Kumwetulira kuja kunazima.

"A Kachingwe amati uyambe wapempha. Unapempha ndani? Amayi anga? Ine?"

"Ndimafuna ndikudzidzimutse. Ndimaona ngati ndikuwalemekeza."

"Tsiku lija pansi pa mtengo, ine ndinkalankhula ndi chibwenzi changa. Kani iwe unali pakafukufuku?"

"Mathero, usatero."

"Dzina langa ndi Sellah."

Anatuluka osathamanga. Misozi inadikira mpaka atakhala m'minibasi, nkhope atalozetsa pawindo. Kodi adona akadziwa kuti ananamizidwa zaka khumi ndi zisanu, adzawasunga amayi? Nanga akawasunga, amayi adzayenda bwanji m'nyumba imene aliyense akudziwa? Ndipo amene anatsegula pakamwa anali ndani, si iye mwini?

Mauthenga anabwera motsatizana. "Ndalakwa." "Chonde yankha." "Ndiwe mtima wanga, usandisiye chonchi." Sanayankhe ndi umodzi womwe.

Lachisanu anafuna kujomba, koma miyendo inamutengera kuholo. Anakhala kumbuyo kwenikweni. Mizere itatu kutsogolo kwake, Angel anali akuseka ndi anzake.

Filimu ya Clifton inali yachinayi. Mphindi yachisanu itayandikira, Sellah anatseka maso n'kudikira mawu aja.

Sanabwere.

Atatsegula maso, wantchito uja anali kale kumsika. Nkhani inadumpha ngati munthu wopunthwa, ndipo posakhalitsa inatha. Anthu anaomba m'manja mwaulesi, ena akufunsana kuti chachitika n'chiyani.

Bambo Kachingwe anayang'ana wotchi. "Clifton, ndinati mphindi khumi. Izi ndi zisanu ndi ziwiri. Zitatu wadya?"

Holo yonse inaseka. Clifton anaimirira.

"Ndazichotsa, bambo."

"Zinali zoipa?"

"Zinali zabwino kuposa zonse. Koma mwini wake sindinamupemphe."

Bambo Kachingwe anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukudziwa kuti ndi filimu yobooka chonchi kumpikisano supita?"

"Ndikudziwa, bambo."

Anakhala pansi osacheuka. Sellah anaona khosi lake lokha, litawerama.

Madzulo amenewo a Alesi anali akusita malaya a abwana pakhonde la kanyumba kawo. Sellah anakhala pampando wa thabwa, n'kuulula zonse, kuyambira pa chimanga chootcha mpaka pa mphindi zitatu. Anadikira ukali.

A Alesi anatembenuza malaya, n'kusita kolala mpaka kumapeto.

"Ndiye mnyamatayo wataya mpikisano chifukwa cha nsapato zanga?"

"Eya, amayi."

"Umamukonda?"

Sellah anayang'ana zala za kumapazi.

"Ndamva. Umuuze abwere mawa masana, adona akapita ku ukwati. Alowere geti la kuseri. Abweretse kanemayo ndimuone."

Clifton anafika atavala malaya oyera, atapisira, thukuta lili kamukamu. Anakana mpando, n'kunjuta pafupi ndi khonde.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinatenga chinthu chanu osapempha."

"Tamva. Tayatsani tione."

Anatsegula laputopu n'kuwaonetsa mphindi zitatu zija. A Alesi anaonera manja ali m'chiuno. Mtsikana uja atalandira kapepala, iwo anafuula.

"Imitsani pomwepo! Wagwira chadodolido kapepalako?"

"Eya, amayi. Ndimafuna anthu aone kuti sadziwa kuwerenga."

"Ndiye mwandinyoza pamenepo, achimwene. Ine zaka khumi ndi zisanu sindinagwirepo pepala chadodolido. Adona amayambira kulemba pamwamba, kumunsi kumatsala malo. Wopusa ndani amene sangaone zimenezo? Akanandigwira sabata yoyamba."

Sellah analephera kudzigwira, anaseka misozi ili m'maso. Clifton anakanda m'mutu.

"Nyimboyonso yaipa," anatero a Alesi ataonera mpaka kumapeto. "Sopo sayandikana ndi anyezi. Umayamba za m'sitolo, kenako zamasamba, monga mmene msika wayalidwira. Kafukufuku wanuyo ndi wotani, wosafunsa eni ake?"

"Ndi wolephera, amayi."

Anatulutsa pepala m'chikwama, n'kulipereka ndi manja awiri. "Iyi ndi fomu yopemphera chilolezo. Ndinayenera kubwera nayo poyamba. Sindikuti musaine. Mukakana, ndifufuta zonse pompano inu mukuona."

A Alesi analandira pepalalo, n'kuligwira bwinobwino, mutu wake uli m'mwamba. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ndikuwerengereni?" anafunsa Sellah.

"Ayi." Mawu awo anatsika. "Wandiwerengera zokwanira, mwanawe. Mawa udzakwatiwa, kapepala ka adona ndidzapita nako kwa yani? Ili lokha ndikufuna ndidzaliwerenge ndekha. Tsiku limene ndidzalimalize mpaka pansi, ndidzakuuzani ngati ndikusaina kapena ayi. Kanemayo musunge, asaone munthu."

"Ndamva, amayi."

"Anthu awiri a ku koleji simungalephere kuphunzitsa munthu mmodzi. Loweruka lililonse, nthawi ngati ino. Inu achimwene muzibwera ndi pensulo, kamera muzisiya kwanu."

Analowa m'nyumba kukatenga mpando wina, ndipo anachedwako dala.

Clifton anayang'ana Sellah. "Fomuyo ili ndi masamba awiri. Zitenga miyezi."

"Mwina chaka."

"Ndizibwera."

"Usandilonjeze. Unalonjeza kale pansi pa mtengo. Uzingobwera."

Clifton anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu, "Ndikuitane kuti chiyani tsopano?"

Sellah anamuyang'ana m'maso koyamba chichokere Lachitatu. Anasendera pang'ono pampando wa thabwa uja, n'kusiya malo.

"Tiona Loweruka likubwerali."

A Alesi anatuluka ndi mpando, n'kukhala pakati pawo, n'kuyala fomu ija pamaondo. Anaika chala pachilembo choyamba.

"Chabwino, aphunzitsi. Aka kooneka ngati mwezi wongotuluka kumene, dzina lake ndani?"