Makina Oyankha Odi

Ntchito yanga pa boma la Chadiza inali yosamalira kompyuta ya kopaletivu ya alimi. Munali pulogalamu yosakira zinthu, yaulere, imene aliyense wodziwa amaloledwa kuisokerera kachigawo kake. Nanenso ndinasokerera kanga. Oyendetsa ngolo ankasochera ndi feteleza m'midzi, ndiye ndinafuna kuti azingoimba foni n'kutchula dzina la membala, makina n'kuwauza njira ya kwawo. Ndinakaphunzitsanso ulemu: munthu akati odi, iko kazivomera.

Masana kankagwira bwinobwino. Dzuwa likangolowa kankauma gwa. M'mawa wapampando wathu, amai Petronella, ankandilandira ndi nyimbo imodzimodzi.

"A Terrance, chinthu chanu chagonanso. Kapena tiitane akatswiri a ku Chipata?"

Mawu amenewo ankandiwawa. A ku Chipatawo adziwa chiyani za tinjira ta ku Zingalume? Tsiku lina ndinalumbira kuti sindichoka mpaka nditagwira chimene chimakaumitsa. Anzanga anaweruka. Malaiti anapita monga mwa masiku onse, kompyuta n'kutsalira pa batire. Ndinafufuza mzere ndi mzere, osapeza kanthu. Mutu unatentha. Ndinazula foni yolandirira mafunso ija n'kuizimitsa, kuti ndiyese ndekha popanda wondisokoneza.

Pamenepo sipika inayamba kaphokoso, ngati munthu akuponda masamba ouma.

"Odi."

Anali mawu otsika, otopa, a munthu amene wachokera kutali. Ndinayang'ana foni ija. Inali m'manja mwanga, yozima.

"Odini, lowani. Mufuna kwa yani?" makina anayankha mwansangala.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti mdima ukagwa suyankha odi wa munthu amene sukumuona. Koma ine ndi sukulu yanga yonse ndinapanga chinthu chovomera aliyense.

"Kwa a Ebelesi. Ku Mlolo."

A Ebelesi ndi amai anga. Amakhala okha.

Ndinadina pozimitsira, osatheka. Ndinagwada kufunafuna waya wa batire kuseri kwa kabati, makina ali kalikiliki kulongosola: mukadutsa chigayo khoterani kumanzere, nyumba ya malata pafupi ndi mtengo wa mango. Pomwe ndinkazula wayayo n'kuti atamaliza kale. Sipika yopanda moto inati, "Zikomo."

Ndinaimbira amai. Foni yawo inali yozima. Amatero madzulo aliwonse, ati kusunga moto, ndipo ndawadandaulira mpaka kutopa. Ndinatenga honda, njinga yamoto ya ofesi, osapempha. Njira yonse sindinakumane ndi munthu, koma agalu a m'midzi ankauwa kutsogolo kwanga, ine ndisanafike.

Pakhomo panali zii. Ndinagogoda.

"Amai, ndine Terrance! Tsegulani!"

Osayankha. Ndinamenya chitseko, ndinapita pawindo, ndinatchula dzina la malemu atate, ndinatchula maina a ng'ombe zathu kuti akhulupirire. Mkatimo ndinamva mphasa ikulira, munthu akupuma mothamanga. Anali moyo, anali maso, koma pakamwa anasoka. Ndinapsa mtima mpaka misozi inatuluka.

Kuseri kwa nkhokwe chinachake chinasuntha, n'kukhala pansi. Nanenso ndinakhala pakhonde, msana nditatsamiza pachitseko. Sindinayang'ane komweko mpaka kunacha.

Amai anatsegula dzuwa litatuluka ndithu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunditsina pamkono.

"Amai, zoona? Kundigoneka panja ngati galu?"

"Usandikalipire, iwe," anatero. "Usanabwere ndi honda yakoyo unali utafika kale wapansi. Unagogoda, unalira, unatchula atate ako. Kenaka munayamba kuitana awiri. Nanga ine ndikanatsegulira uti?"