Malata a Mayi Juliana

Kwa Chapananga, kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza, kunali banja la a Geresomo ndi akazi awo a Evelesi. Sanali olemera, koma pakhomo pawo panali pamtendere. A Geresomo anali mmisiri wokhoma madenga komanso mkulu wa mpingo. A Evelesi ankaweta mbuzi ndi kukazinga zitumbuwa zokagulitsa tsiku la msika. Anali ndi ana awiri, mnyamata dzina lake Fanizo, amene anali atangolemba mayeso a Folomu 4, ndi mlongo wake Thandizo. M'mawa uliwonse asanabalalike ankaimba nyimbo imodzi pansi pa mtengo wa masawu, bambo n'kupemphera. Fanizo ndiye ankayendetsa ngolo ya pakhomopo, ndipo anthu ankamukonda, chifukwa akapeza nkhalamba itasenza mtolo panjira ankaimitsa ng'ombe n'kuikweza.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu ena osaka mbewa anayatsa tchire kumunsi kwa mudzi. Mphepo inatembenuka mwadzidzidzi. Moto unalumpha njira, unagwira mipanda, n'kuyamba kudumpha kuchoka denga ili kupita denga ilo. Nkhokwe za mapira zinkaphulika. Mbuzi zimene zinali kubusa zinazingidwa pakati pa udzu, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumudzi. Fanizo anathamangitsira ng'ombe zawo ziwiri pamchenga wa mumtsinje, zinapulumuka. Palibe munthu amene anafa, koma pofika madzulo mudzi wonse unali phulusa lokhalokha. Anthu ankangoyendayenda m'mabwinja, wina atanyamula khasu lopanda mpini, wina mbale yopindika.

Patapita milungu ingapo kunabwera bungwe lina la mipingo. Woimira bungwelo, mayi Nancy, anasonkhanitsa anthu pabwalo la tchalitchi.

"Thandizo lathu libwera pang'onopang'ono," anatero. "Umbani zidina, mumange makoma, ife tikupatsani malata ndi misomali. Kenako banja lililonse lilandira mbuzi. Pomaliza, amene geni yawo inapsa tiwapatsa mpamba. Koma galimoto yathu singadutse mchenga wa mumtsinjemu. Katundu azitsikira kumsika waukulu, tsidya lija. Tipatseni munthu wokhulupirika wa ngolo."

Anthu sanachite kukambirana. Onse anatchula Fanizo.

M'mawa wa ulendo woyamba a Evelesi anamugwira pamkono. "Mwana wanga, katundu uzinyamulayu ndi misozi ya anthu. Ukapakira, uzingotembenuza ng'ombe. Pamsika si pako."

"Amayi, mukundiona ngati ndani?" anayankha akuseka.

Maulendo oyamba anayenda bwino. Koma Fanizo anali ndi chomuwawa. Zovala zake zonse zinapsa, ndipo ankavala malaya olandira, aakulu ngati thumba, ndi masilipasi osiyana mitundu. Anzake a kusukulu akamuona pamsika ankaseka chamumtima, iye n'kumaona.

Pamsikapo panali munthu wina dzina lake Sebastiano, mwini malo omwera mowa, amene ankamanga chipinda chatsopano kuseri kwa bala yake. Tsiku lina anamukodola.

"Mphwanga, bwera upume pamthunzi. Amakulipira zingati abungwewa?"

"Sandilipira. N'zothandiza mudzi."

Sebastiano anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mwana wa Folomu 4, kuotchedwa ndi dzuwa ulere! Mayi uja amabwera pagalimoto yozizira, iwe uli ndi zigamba kumsana. Tamvera, katundu wa bungwe alibe mwini. Kumene akuchokera aliko wambirimbiri. Ukatsitsa pang'ono kuseri kuno, ndani adziwe?"

"Ababa atamva akhoza kufa nawo mtima."

"Ndiye uwauze iweyo? Imwa kaye aka, uchotse fumbi kukhosi."

Kachasu woyambayo anamuotcha pakhosi mpaka kutsokomola. Wachiwiri anatsika bwino. Tsiku limenelo ngolo inadzera kuseri kwa bala, ndipo inafika kumudzi yopepukirapo.

Mlungu wotsatira Fanizo anatulukira ndi jinzi yatsopano ndi nsapato zoyera. Anati wapatsidwa ndi mnzake. Anayamba kufika dzuwa litapendeka, ng'ombe zili ndi ludzu, iye maso ali psuu. Pa mapemphero a m'mawa ankangotsegula pakamwa osatulutsa mawu.

"Fanizo, fungo ili ndi la chiyani?" anafunsa a Evelesi.

"Mwayambatu. Munthu ndisamwe ndi thobwa lomwe?"

"Thobwa ndimaphika ndine. Usandipusitse. Bwerera, mwana wanga, usanafike patali."

Iye anangotuluka n'kumenyetsa chitseko cha chisakasa chimene ankagonamo.

A Geresomo ndiwo ankakhoma madenga a mudzi wonse, osalipiritsa. Anayamba kudabwa kuti nyumba zina malata akuperewera. Vuto linakula atafika pa nyumba ya mayi Juliana, mayi wamasiye wodwaladwala amene ankalera adzukulu atatu. Denga linathera pakati, chipinda chogona chili pamtetete.

"Ndiye atipatsa theka, a Geresomo?" anafunsa mayiwo. "Kaya, n'zopatsidwa. Tingadandaule kwa yani?"

A Geresomo atafunsa mwana wawo, iye anayankha osaphethira: "Ndi omwewo anandipatsa. Kafunseni abungwe."

Tsiku la msika a Geresomo anawoloka kukagula mpeni wa sowo. Podutsa kuseri kwa bala anaona chipinda chatsopano chitafoleredwa, malata akunyezimira. Anaima pakhonde n'kuyang'ana m'mwamba. Lata lililonse linali ndi kadontho ka utoto wofiira kunsi kwake, chizindikiro chimene abungwe ankaika pa katundu wawo. Apa anazindikira kumene malata a mudzi ankathera. Anabwerera kumudzi osagula kanthu.

Anamupeza Fanizo akumasula ng'ombe.

"Ndaliona denga la Sebastiano," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga, moto unatilanda zinthu, koma dzina unatisiyira. Iwe ndiye waliotcha."

"Ababa, aliyense amadya pamene akugwira ntchito."

"Wadya tulo ta ana amasiye. Mawa tipite limodzi kwa mayi Nancy. Ukanene wekha, ine ndikaima pambali pako. Ng'ombe imodzi tigulitsa, tibweze."

"Mukufuna mundimangitse? Bambo wanji wopereka mwana wake?"

"Ndikufuna ndikupulumutse."

"Dzipulumutseni nokha ndi tchalitchi chanucho!"

A Evelesi anagwira pakamwa. Thandizo anayamba kulira. Fanizo anataya goli pansi n'kuchoka, osacheuka.

M'mawa mwake a Geresomo anasenza malata a nyumba yawo, amene anali atatsamira pamtengo kudikira kukhomedwa, n'kupita nawo kwa mayi Juliana ndi kwa ena operewedwa.

"Nanga ife, bambo a Fanizo?" anafunsa a Evelesi. "Mitambo yayamba kale kusonkhana."

"Wabayo ndi wathu. Ngati pali wonyowa, tinyowe ife."

Mayi Juliana sanadziwe kumene malatawo achokera. Denga litatha anawomba m'manja, n'kuthokoza m'Chisena chawo: "Takhuta, takhuta! Mulungu akusungeni." A Geresomo anatsika pamakwerero n'kulongedza zida zawo.

Kwa mayi Nancy sanapite. Tsiku lililonse ankati mwina mwanayo abwera yekha, apitire limodzi. Fanizo anabweradi, koma anabwera masana anthu ali kumunda kokonza mizere. Anatsegula khola, n'kutenga mbuzi ziwiri zimene mayi ake anali atangolandira kubungwe. Thandizo anakumana naye panjira akuzikoka.

"Achimwene, zimenezo ndiye chiyembekezo cha amayi!"

"Choka apa. Ukanena ndikuswa."

Mbuzizo zinathera pa chiwaya cha kanyenya pamsika, ndalama zake zinathera kwa Sebastiano. Fanizo tsopano ankagona m'chipinda chatsopano chija, akusesa bala ndi kutsuka mabotolo kuti apatsidwe kachasu.

Mvula yoyamba inabwera ndi ukali. Inagwa tsiku lonse, m'mawa mwake osakata. Fanizo anali gone pabenchi, akumvera mvula ikuimba pamalata, thupi lake louma bwinobwino. Kumudzi makoma a nyumba ya a Geresomo, a zidina zosaotcha, anali chiimire opanda denga, akumwa madzi. A Geresomo ataona kuti ntchito yawo yonse ikusungunuka, anatenga chitenti cha pachisakasa kuti akaphimbe khoma lalitali la kumapeto. A Evelesi anawaletsa, iwo anati achita msanga. Atangotsamiritsa makwerero, khomalo linagwa, n'kuwakwirira kuyambira pachifuwa.

Anthu anawafukula akupuma movutika. Mnansi wawo Andrea anamanga ng'ombe za a Geresomo pangolo yawo, anawagoneka pamphasa, n'kuthamangira kuchipatala chimene chinali tsidya la kumsika. Atafika pamtsinje anapeza Mwanza wadzaza, madzi ofiira akukokolola mitengo. Panalibe powolokera.

Uthenga unafika pamsika pafoni. Munthu wina analowa m'bala n'kumugwedeza Fanizo. "Iwe, dzuka! Bambo ako khoma lawagwera. Ali pamtsinje."

Mowa unamuthera pomwepo. Anathamanga m'matope, nsapato zoyera zija zinatsalira m'njira. Atafika pagombe anaona tsidya linalo ngolo yawo, ng'ombe zawo, ndi amayi ake atakhala m'ngolomo atapakata mutu wa bambo ake, Thandizo atawaphimba ndi chitenje. Anafuna kudziponya m'madzi, amuna awiri anamugwira.

"Ababa! Ababa, ndine Fanizo! Ndabwera!"

Mkokomo wa madzi unameza mawu ake. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Anaona amayi ake akuwerama, kenako akudzutsa nkhope kumwamba, manja ali kumutu. Kulira kwa amayi a tsidya lija ndiko kunawoloka mtsinje. Fanizo anagwada m'matope, ndipo amene anamugwira aja anamusiya.

Madzi ataphwa anawoloka, n'kupeza maliro ali m'nyumba ya mayi Juliana, chifukwa kwawo kunalibe denga loti n'kugonekamo mtembo. Nkhani yonse inali itamveka. Palibe amene anamunyoza, palibenso amene anamupatsa moni. Atafuna kugwira nawo bokosi, Andrea anamukankha pang'ono ndi chigongono. Mayi Juliana ankalira mobwerezabwereza: "Ndikanadziwa ndikanakana ine! Ndikanagona pamvula ine!"

Maliro atatha mayi Nancy anabwera ndi apolisi. Fanizo sanathawe, ndipo sanakane kanthu. Malata anakanganulidwa padenga la bala, koma anali atabooka kale ndi misomali. Sebastiano anauza apolisi kuti iye anagula mosadziwa.

"Mnyamatayu ndimangomuona pamsika pano. Ndingadziwe bwanji kuti ndi wakuba?"

Fanizoyo sanamuyang'ane n'komwe. Bungwe linaimitsa thandizo m'mudzimo kuti lifufuze kaye, ndipo mpamba wa geni unachedwa mpaka nyengo ya njala inafika. Amayi amene ankayembekeza kuyambiranso kugulitsa tomato ndi usipa anakhala manja lende. Ena ankati akadutsa pakhomo pa a Evelesi ankayang'ana kumbali.

Khoti linalamula Fanizo kukakhala kundende. Asanamutenge, a Evelesi anapita kukamuona. Anali ataonda, atavala duku lakuda. Fanizo analephera kuwayang'ana kumaso.

"Amayi, ndinapha ababa."

A Evelesi anakhala pansi pafupi naye. Sanamutsutse.

"Pamtsinje paja bambo ako anakuona," anatero. "Anandifunsa kuti, uyo akukuwayo ndi Fanizo? Ndinati ndi yemweyo. Anati, musamutaye."

Fanizo anagwa pansi n'kugwira mapazi a mayi ake, akulira ngati mwana wakhanda. "Ndikhululukireni, amayi. Mulungu andikhululukire."

"Ine ndakukhululukira, pakuti ndinakubala. Mulungunso sakana wolapa. Koma ukadzatuluka, bambo ako sudzawapeza. Chimenecho udzachisenza wekha."

Wapolisi anagogoda pachitseko kuti nthawi yatha. A Evelesi anadzuka, anakonza chitenje chawo, n'kuyamba ulendo wautali wapansi wobwerera kumudzi.

Inu achinyamata, imvani. Thandizo lobwera pa tsoka lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu amene alibe kwina kolowera. Wakuba zotere saba kwa bungwe, amaba kwa mayi wamasiye, kwa mwana wamasiye, ndipo nthawi zina kwa makolo ake omwe. Wokunyengererani kuti palibe adziwe sadzakhalapo tsiku lolira. Fanizo anachenjezedwa ndi mayi ake, anachenjezedwa ndi bambo ake, anapatsidwa mpata wobweza, koma anakana. Analapa ndithu, koma analapa bambo ake ali m'manda. Makolo anu akamakuitanani kuti mubwerere, bwererani lero, akadali ndi moyo woti n'kukulandirani.