Mluzu wa Amalume

Doris ankagulitsa nthochi pa siteji ya mabasi ku Nyimba. Tsiku lina kondakitala anaimba mluzu kumbuyo kwake, beseni n'kugwa pamutu, nthochi mbwee mumsewu!

Amene anathamangira kudzatola anali Febian, wokonza njinga patsinde pa mtengo wa mango.

"Mlongo, mwaona njoka kapena mwaona ine?" anafunsa akuseka.

Doris sanaseke. Anatola beseni akucheukacheuka kumbuyo.

Zinayambira pomwepo. Febian anali ndi pakamwa pothira shuga, ndipo foni ya Doris inasiya kupuma. "Nthochi yanga yakupsa, wadya lelo?" "Dzuwa langa, nikusowa."

Koma kumukonda Doris inali ntchito. Febian akakweza dzanja kuti amuchotse kachitsotso m'tsitsi, iye ankabisa nkhope. Meseji ikachedwa, ankapepesa kakhumi pa mlandu wosapalamula. Atayamba kuwonda, kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, osapeza kanthu. Nesi wina anangomufunsa chapansipansi, "Mwana wanga, unakulila m'manja mwa ndani?"

Yankho analipereka kwa Febian yekha. Makolo atamwalira, anamulera amalume ake, a Whiteson, mkulu wa kwaya ku Sandwe, chakufupi ndi Petauke. Zaka khumi ndi ziwiri! Akamabwera kunyumba akuimba mluzu wa nyimbo ya kutchalitchi, Doris ankadziwiratu kuti chubu cha njinga chimudya msana. Mlandu wake? Mwina mchere wachepa, mwina palibe n'komwe. Atakula anathawa osatsanzika.

M'mawa mwake Febian anatsitsa machubu onse omwe ankalendewera mumtengo n'kuwabisa m'thumba.

"Sadzadziwa komwe uli, wapamtima wanga. Nalumbila."

Ndani sangakhulupirire munthu wotere? Doris anayamba kunenepa, anayambanso kuseka.

Nkhani ya ukwati itafika, amayi ake a Febian anakana kwamtuwagalu. "Mkazi satola panjila ngati nkhuni. Tikafunsile kwa amalume ake." Doris anangoti ayi, ndipo Febian sanaitchulenso. Kukhala chete kwakeko kunamuchititsa Doris mantha.

"Mailo nipita ku Petauke kukagula masipoko a njinga," anatero Febian tsiku lina. Masipoko ake anatenga masiku atatu.

Loweruka masana meseji inalowa: "Vala chitenje chija chofiila, nthochi yanga. Nikubweletsela mphatso."

Doris anavala, anasesa pakhomo kawiri. Kodi si mphete imeneyi?

Kenako anaumva. Mluzu. Nyimbo yomwe ija, ikubwera pang'onopang'ono kuseri kwa mpanda.

Anafuna kuthawa, miyendo inakana. Pomwe a Whiteson ankalowa ndi Febian, atavala jekete la kutchalitchi, maondo a Doris anali atagunda kale pansi okha, monga ankachitira ali mwana.

Febian anamwetulira monyadira. "Mwaona ulemu wake, amalume? Wagwada musanalankhule n'komwe!"

"Ninamulela ndine," anayankha a Whiteson, maso akuyendera chitseko, zenera ndi njira. "Pakhomo pabwino. Lomba napadziwa."

Alendo atakhala pamipando, Doris anamukokera Febian kuseri kwa nyumba.

"Unalumbila."

"Wokondedwa, ukwati wopanda amalume ni ukwati wanji? Tonse tinakwapulidwako tili ana. Nachitila iwe!"

Zinamupweteka kuposa chubu. Mnyamatayu anamva nkhani yonse, anabisa machubu, koma sanamvetse kanthu. Ndipo ankamukondadi, n'chimene chinkawawa kwambiri.

Lolemba Doris anali pa siteji pomwe paja, wopanda beseni, atanyamula chikwama chimodzi. Atakhala m'basi ya ku Lusaka, foni inalira: "Nthochi yanga, uli kuti?" Anaiwerenga kawiri, misozi ikugwera pagalasi, n'kuzimitsa.

Kondakitala anaimba mluzu. Foni inapulumuka m'manja mwake n'kugwera pansi pa mpando.

Ulendo uno panalibe womutolera.