Mabota Osokedwa ndi Waya

Dzuwa linali litapendekera kale cha ku Malawi, kutsidya kwa malire, pamene mayi Laurinda ananyamuka pa Mandimba. Amayi anzawo a ku aldeya, mudzi wa boma uja wa m'njira ya ku Ngauma, anali atayala kale makapulana, zitenje zawo, m'kalasi ya sukulu kuti agone konko, poti masiku a nkhondo amenewo munthu wanzeru sankayenda mdima. Anawakoka mkono, anawachonderera, koma iwo kukana. Akanagona bwanji pagulu? Pansi pa dengu lawo, pophimbidwa ndi masamba a chinangwa, panali chinthu choti asilikali akanawapeza nacho, mawa lake akanawagoneka pabwalo n'kuwathira shamboko anthu akuona.

Anali ataba. Mayi wa kwaya ya tchalitchi, wa imvi kale, anali ataba nsapato.

Tsikulo linali lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Amayi a m'midzi anadzutsidwa tambala woyamba kuti akaimbe ndi kuphikira alendo ochokera ku Cuamba. Mbuzi zinaphedwa zisanu ndi imodzi. Amayi anasenda, anakazinga, anapakula, koma chimene chinafika pakamwa pawo ndi utsi basi. Akuluakulu anakhala pamthunzi, mafuta akuyenderera mpaka m'zigongono, wina akutokosa mano ndi chikhadabo uku akukamba za magazi a ngwazi.

Kenaka shefe wina, mkulu wa boma wa mimba ngati mtsuko, anaimirira ndi pepala n'kuyamba kuitana maina a akufa. Dzina lililonse akatchula, khamu lonse liyankhe kuti, "Alipo!" Mayi Laurinda anatseka pakamwa. Kwawo wakufa saitanidwa ngati mwana womutuma moto. Ukamuitana umakhala ndi ufa m'manja kapena kamowa, umuuze chimene wamuitanira, ukatha umuperekeze ndi mawu kuti abwerere akagone. Koma apa ayi. Maina makumi anai, kuwaitana ndi kukamwa konona, kenaka kupinda pepala n'kuponya m'thumba. Iwo sanasamale maina enawo. Khutu lawo linkadikira dzina limodzi lokha, la mwana wawo Gaspar, ndipo silinatchulidwe.

Gaspar anamugwira pa siteshoni ya Cuamba zaka zinai zapitazo, atapita kukagulitsa fodya, n'kumuveka za usilikali. Anabwera kumudzi kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo, zii. Kalata ayi, uthenga wa maliro ayi. Akapita kukafunsa ankangowauza kuti, "Dikirani, mayi," ngati mwana ndi basi.

Nyama itatha, anthu anawafoletsa kuti akaone chionetsero. Pabwalo anayala malona, ndipo pamalonapo mfuti zadzimbiri, makhokho a zipolopolo, zisoti zachitsulo zobooka, miphika yophwanyika, malaya ouma gwa ndi magazi akale. Msilikali ankaloza ndi ndodo, akuti zonsezi tinalanda kwa matsanga, zigawenga zolimbana ndi boma. Ntchentche zinkachita kulira ngati njuchi. Fungo lake ngati chikopa chimene chagona m'madzi. Ana ankavala zisoti zija n'kumaseka, ndipo mkazi wa shefe wina ananyamula mfuti kuti amujambule, akumwetulira ngati wanyamula khanda la ubatizo. Mayi Laurinda anatembenukira kumbali. Zovala za akufa, zosachapa, zosagawidwa ndi abale, kuziyanika padzuwa ngati matemba a ku nyanja ya Amaramba!

Kumapeto kwa lona kunali mzere wa mabota, nsapato zikuluzikulu zija za asilikali. Ndipo apo iwo anaima. Bota lina lakumanzere linali losokedwa ndi waya wa buleki ya njinga, kupingasa katatu n'kumanga mfundo, mmene iwo amasokera mabelo a fodya. Dzanja lawo lomwe. Analisoka tsiku limene Gaspar anabwera kumudzi, iye atakhala pakhonde akudya mbatata yootcha.

Pamene khamu linakweza zibakera kukuwa viva, maso onse ali kumbendera, iwo anawerama ngati akumanga kapulana. Mabota awiri aja analowa m'dengu.

Tsopano ankayenda, dengu pamutu, maganizo ali amodzi. Ngati nsapato za mwana zinapezeka kwa adani, ndiye kuti mwana anafa ndipo anamuvula. Mtembo palibe, koma nsapato zilipo. Akaziika m'manda, amulire mwana wawo monga anthu amachitira, asamangoyendayenda m'tchire. Akangofika pachipata cha aldeya ayambe kulira mokweza, mudzi wonse udzuke.

Atadutsa minda yomaliza anakhala pamwala kuti apume. Anatulutsa bota losoka lija, kuligwedeza kuti achotse mchenga. Munagwa kanthu. Anakatola, kukayang'ana ndi kuwala kotsala. Chinali chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi, chokhuthala, chakuda. Thupi la mwana wawo lonse latsala pamenepa? Anachimanga pamfundo ya kapulana, cha pachifuwa, n'kunyamuka.

Mdima unagwa. Mwezi unatuluka wodukaduka ngati mbale yosweka. Tchire linali lopsereza, lakuda mbali zonse, ndipo phulusa linkauluka kulowa m'mphuno. Iwo ankaponda pakati penipeni pa njira, momwe aponda anzawo, poti m'mbali munthu sadziwa chimene akwirira.

Patsogolo panali mlatho wogumuka. Anauphulitsa kalekale, ndipo anthu ankatsikira chammunsi kukaolokera pamchenga, pafupi ndi bango. Masana pomwe anthu ankadutsa pamenepo msangamsanga osalankhula.

Anayamba kutsika.

Achule anali akulira. Analeka onse nthawi imodzi.

Fungo lija linabwera. La pamalona. Anati mwina ndi dengu. Koma mphepo inkachokera kutsogolo...

Pamchenga panaima munthu!

Anali wamtali, wovala za usilikali zong'ambika. Mfuti analibe. Khutu lake limodzi linali loduka theka. Mayi Laurinda anagwiritsa dengu pamutu. Wa boma? Wa matsanga? Onse awiri ndi imfa kwa munthu wonyamula mabota usiku.

"Anandiitana," anatero munthuyo, mawu ake ali pansipansi. "Ndapita. Koma mbuzi inali itatha."

Iwo anamulambalala. Anaoloka mchenga, kuyamba kukwera tsidya linalo. Kumbuyo sikunamveke mapazi. Anacheuka.

Anali pomwepa. Pamapewa pawo!

"Minga ya pano ndi yoipa, mayi."

Anayang'ana pansi. Munthuyo analibe nsapato. Mapazi ake anali otuwa, ong'alukang'aluka ngati dambo la mwezi wa Okutobala.

"Mwanyamula zanga," anatero.

Apo mantha anasakanikirana ndi ukali. Mayi Laurinda anali munthu woti pamsika wa fodya ogula ankawathawa. Anatula dengu, kulipanira pakati pa miyendo.

"Zanu ziti, bambo inu? Izi ndi za mwana wanga. Ndinasoka ndekha."

"Munasoka bwino. Sizilowa madzi."

"Mwazidziwa bwanji?"

"Ndinamuvula ndine."

"Ndiye ndinu amene munandiphera mwana?"

"Sindine wa matsanga. Ndine Norberto, sarijento wake. Anga anatha, ake anali osoka bwino. Ndinamuuza kuti vula, anavula." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni. Ndatopa ndi minga."

Wamkulu wake yemwe! Munthu wopatsidwa ana a eni kuti awasunge, kumuvula mwana nsapato pakati pa tchire! Mayi Laurinda analavula pansi. Anatulutsa bota lakumanja lokha n'kuliponya pamchenga.

"Limodzi ilo. Linalo mulandira mukandiuza komwe munasiya mwana wanga."

"Ndipatseni onse."

"Kulibe. Nenani kaye."

Mphepo inaleka. Fungo linakula mpaka maso kuchita misozi. Iwo anakumbatira bota losoka lija ngati nkhuku yoti wina akufuna kuwalanda.

"Wopanda nsapato sayenda ndi gulu," anatero munthuyo potsiriza. "Mapazi anatupa. Tinamusiya pansi pa mtengo. Anakwawa, anaoloka malire. Ali ku Namwera, ku Malawi, pa esiteti ya fodya. Amapanikiza mabelo. Dzina anasintha, akuti ndi Asima. Akuopa kutumiza mawu, poti wothawa usilikali amamulanga pamodzi ndi amake omwe."

"Ali moyo?"

"Kumene ndili ine kulibe."

Mawu amenewo sanawamvetse, komanso sanafune kufunsa. Anaponya bota lachiwiri. Munthuyo anakhala pansi, kuyamba kuvala pang'onopang'ono. Lakumanja. Kenaka anakweza phazi lakumanzere, n'kuima.

"Ndi chinacho, mayi."

"Chiti? Ndakupatsani zonse."

"Chimene mwamanga pachifuwa."

Mwezi unawala paphazi lija. Chala chachikulu chinalibe chikhadabo. Panali dzenje lakuda, louma...

Mayi Laurinda anakuwa! Anang'amba mfundo ija ndi mano, kuponya chinthucho kutali, n'kuliyatsa liwiro. Dengu anasiya. Anagwa, anadzuka. Anagwanso. Sanacheuke. M'njira anasanza kawiri, ndulu yokhayokha, akupukuta pachifuwa ndi dothi ngati pagwera chimbudzi cha galu. Njira yonse anafungatira chikhadabo cha munthu ameneyo, akuchiyesa mwana wawo!

Anafika pachipata cha aldeya mwezi uli pamutu. Pamenepo pankalonda a Gabrieli, mlamu wawo, amilisiya, msilikali wa m'mudzi wa mfuti yopanda zipolopolo. Anadzambatuka pampando.

"Ndani? Aa, mlamu! Mwapenga? Usiku uno nokha? Mukufuna tikutoleni zidutswa?"

Iwo anakhala pansi, mpweya ukuvuta. Kulira kuja kumene anakonzekera njira yonse kunali pakhosi, koma anakumeza. Kulira maliro a munthu wamoyo ndi kumuitanira imfa, ndipo anatsala pang'ono kuchita zimenezo ndi kamwa lawo lomwe.

"Alamu," anatero, "mumamudziwa sarijento wina dzina lake Norberto? Wamtali, khutu loduka?"

"Amene uja anamutchula lero papepala? Simunamve? Ndinayankha ndekha kuti alipo, ndisanabwerere kuno masana."

"Ndakumana naye pamlatho."

A Gabrieli anayamba kuseka, koma kuseka kunathera panjira. Anawayang'ana kumaso, n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Mlamu, musaseweretse zimenezo. Norberto anafa zaka zitatu zapitazo, tsiku limene anaphulitsa mlathowo. Ndinalipo, ndinkasenza katundu wawo. Anagwera m'bango muja. Matsanga anamuvula mabota ife tikuona tili paphiri."

"Ndiye munamuika kuti?"

A Gabrieli anakanda m'mutu. "Tinathawa. Kenaka anati mwina atcherapo mabomba. Kenaka anati adzabwera a ku Cuamba ndi bokosi ndi mbendera..."

"Zaka zitatu?"

A Gabrieli anabwerera pampando wawo.

"Mbuzi zisanu ndi imodzi zilipo, koma khasu limodzi kulibe," anatero mayi Laurinda. "Kukacha mutenge khasu."

"Mlamu, mabomba..."

"Muziponda momwe ndaponda ine. Ndikaphulika mubwerere."

Kutacha anatsika awiriwo. Dengu linali pamchenga pomwe analisiya, masamba a chinangwa atafota. Mapazi atsopano pamchengapo anali a munthu mmodzi, awo okha. Mayi Laurinda anapatula bango ndi mpini, a Gabrieli akubwera kumbuyo akung'ung'udza mapemphero.

Analipo. Mafupa otuwa, nsanza za usilikali zitamera udzu, chigaza chitayang'ana kumlatho. Ndipo kumapeto kwa mafupa a miyendo kunali mabota awiri, ovalidwa bwinobwino, zingwe zomanga. Lakumanzere losokedwa ndi waya wa buleki, kupingasa katatu.

A Gabrieli anagwetsa khasu. Mayi Laurinda analitola n'kuwabwezera m'manja.

"Kumbani, alamu. Dzuwa likukwera, ine ndili ndi ulendo."

Anakumba pamtunda pouma, anakokeramo mafupa ndi mabota omwe, anakwirira. Panalibe mbendera, panalibe viva. Mayi Laurinda anamasula kamfundo ka ufa kamene anatenga kunyumba, kuwaza pamutu pa manda.

"Inu a Norberto, anakuitanani ndi ena, koma ndakuperekezani ndine. Gonani. Sikuti ndakukondani ayi, munandivulira mwana. Tagulana basi."

Anasenza dengu lawo, kuyang'ana kumadzulo komwe kuli malire. Atayenda mapazi angapo anacheuka, n'kuloza mulu wa dothi uja ndi chala.

"Koma ndikakapeza kuti ku Namwera kulibe Gaspar, ndibwera ndi khasu lomweli ndidzakuvuleni."